Dzina Limodzi la Mwana wa Gwaza

Kalekale, nsalu isanachuluke, anthu akadayendera mchere ulendo wa masiku ambiri, kudali mudzi wina kutsidya kwa dambo lalikulu. Senderani kuno, ana inu, ndipo amene akutokosa motoyo aleke, utsi ukubwera kwa ine.

M'mudzimo mudali mkamwini wina dzina lake Gwaza. Kwawo kudali kutali, ndipo abale ake onse adatha ndi njala ya chaka china. Adatsala yekhayekha. Atayendayenda adafika m'mudzi umenewu nakwatira Nankhoma, mkazi wofatsa, wosachulutsa mawu. Gwaza sadali waulesi ayi. Ankalima, ankasema mipini, ankaluka nkhokwe zoti khoswe amangoyang'ana n'kubwerera. Koma adali ndi nthenda imodzi: sankatha kusankha. Mukamuikira nthochi ziwiri kuti atengepo imodzi, ankazitembenuza, n'kuzinunkhiza, n'kuziikanso pansi, mpaka mwini nthochi atatopa n'kuzidya yekha.

Tsiku lidafika, Nankhoma adaima. Padali pathupi poyamba. Gwaza adakondwa mpaka kumayankhula yekha kumunda.

Mimba itafika miyezi isanu ndi itatu, chilimwe chitangoyamba, malume ake a Nankhoma, amene ankayang'anira mbumba yonse, adasonkhanitsa amuna. Adati mchere watha m'mudzi, ndipo pakatha masiku asanu ndi awiri amuna anyamuke ulendo wa kumchere. Kumeneko anthu sankangofika n'kubwerera. Ankakhala miyezi, akupala dothi, akulisungunula, akuphika, ndipo ankabwera mvula yoyamba itagwa. Potchula oti apite, woyamba adali Gwaza. Akadatani? Mkamwini sawiringula.

Tsono mverani mwambo wa mudziwo, chifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Mwana woyamba ankatchulidwa dzina ndi bambo wake kapena abale a kuchimuna. Mwana akabadwa ankakhala ndi mayi wake m'chikuta, osatuluka, kufikira mchombo utagwa. Ukagwa ankamumeta, n'kumutulutsa pamphasa, ndipo azamba ankatchula dzina anthu onse akumva. Bambo akakhala kuti achoka, ankasiya dzinalo kwa azamba pamodzi ndi nkhuku. Koma ankasiya dzina limodzi lokha. Akuluakulu ankati ukasiya awiri, la mwamuna ndi la mkazi, dzina lotsalalo limasowa mwini n'kumalira kuseri kwa nyumba mpaka mwana adwale. Ankatinso ukasiya lachimuna, n'kubadwa wamkazi, mwanayo amamva kuti sindiye ankayembekezedwa, ndipo amabwerera kumene wachokera. Choncho dzina lidayenera kukhala loti amene wabwera, kaya ndi mnyamata kaya ndi mtsikana, alivale limukwane.

Nanga bambo akapanda kusiya dzina? Pamenepo mpata unkagwera agogo ake akuchikazi a mwanayo.

Apongozi ake a Gwaza adali a Nachisale. Mayi ameneyu sindimuyamikira, ndipo sindibisa. Lilime lawo lidali lakuthwa, ndipo mayina ankawagwiritsa ntchito pobaya anthu. Mkamwini wawo woyamba, mwamuna wa mkulu wake wa Nankhoma, adachoka mkazi ali woyembekezera osasiya dzina. Mwana atabadwa, a Nachisale adamutcha Adamthawa. Mtsikanayo adakula nalo dzinalo. Akamuitana kuchitsime ankabwera atawerama, ndipo bambo wake atamva sadabwererenso m'mudzimo ngakhale kudzatenga khasu lake.

Gwaza a Nachisale sankamufuna. Ankati munthu wopanda kwawo ndi wopanda mchira womugwirira. Mkamwini ndi apongozi sayang'anana, akakumana panjira wina amapatukira kutchire, choncho sakadamuuza pamaso. Koma mtondo ulipo chifukwa chiyani? M'mawa mwake ulendo utangolengezedwa, Gwaza akunola nkhwangwa, adamva munsi wa apongozi ake ukugunda kuseri kwa nkhokwe, ndipo nyimbo idatuluka:

"Kamwana kakudza, kakudza,
Bambo wako ali kuti?
Wasenza mtolo, wapita,
Dzina ndikupatsa ndine."

Gwaza thukuta lidamutuluka dzuwa lisanatenthe. Adalumbira mumtima kuti mwana wake sadzayenda atawerama ngati Adamthawa. Masiku alipo asanu ndi awiri, dzina ndi limodzi. Adaona ngati ndi ntchito yaing'ono.

Tsiku loyamba adakhala pansi pa mtengo wa mthethe, naganiza, naganiza, mpaka dzina lidabwera: Mwayi. Mnyamata akhoza kukhala Mwayi, mtsikana akhoza kukhala Mwayi. Adagwira nkhuku yake yathadzi, adaipanira m'khwapa, adauyamba wa kwa azamba. Akadangopita molunjika, nthano ino ikadathera pomwepa ndipo mukadakagona msanga. Koma panjira adapeza mlamu wake Kadzuwa akufolera khola, ndipo mtima udamuyabwa kuti alawitse mnzake.

"Alamu," adatero Gwaza, "munthu atakhala ndi dzina loti Mwayi, mungalione bwanji?"

Kadzuwa adaseka mpaka udzu udamupulumuka. "Mwayi? Inu alamu mudabwera mochedwa m'mudzi muno. Mwayi tidali naye. Adaba mbuzi zitatu za amalume, ina ili ndi bere. Tidamupirikitsa mpaka kuwoloka dambo. Mukatchula dzina limenelo, anthu ayamba kugona ndi mbuzi m'nyumba."

Gwaza adayang'ana nkhuku, nkhuku idayang'ana Gwaza. Adabwerera, ndipo nkhuku idalowanso m'khola.

Tsiku lachiwiri adakhalanso pansi pa mthethe. Adaganiza, adaganiza, ndipo dzina lidabwera: Tadala. Adalitchula katatu chapansipansi, lidamveka bwino m'kamwa. Ulendo uno adati safunsa munthu. Adagwira nkhuku, adaipanira m'khwapa, adauyamba wa kwa azamba. Adadutsa khola la Kadzuwa atayang'ana kumbali. Adadutsa bwalo. Nyumba ya azamba ikuonekera potero, adamva mayi wina akukuwa kuseri kwa mpanda.

"Tadala! Choka apo, galu wakuba iwe!"

Pampanda padatulukira galu wowonda, wa zilonda m'makutu, dzira lili kukamwa. Paja kale anthu ankatcha agalu mayina onyoza anansi, ndipo mwini galuyu adamutcha Tadala pofuna kuseka mnansi wake amene ankadzitama. Gwaza adaima njo pakati pa njira. Mwana wake azidzaitanidwa, galu n'kumabwera? Adabwerera, ndipo nkhuku idalowanso m'khola.

Tsiku lachitatu adadzuka ndi dzina lina: Mtendere. Adazungulira mudzi wonse akumvetsera mayina a agalu, ndipo padalibe galu wotero. Adafunsa mwanzeru mayina a akuba onse amene adapirikitsidwapo, padalibe Mtendere. Adagwira nkhuku, adaipanira m'khwapa, ndipo tsikulo adafika ndithu kwa azamba. Adali mayi wokalamba, wa manja ofewa, amene adalandira pafupifupi munthu aliyense wa m'mudzimo. Gwaza adagwada, adaomba m'manja, natula nkhuku.

"Amayi, ndabwera kudzasiya dzina."

"Litchuleni, mwananga."

"Mtendere."

Azamba adayang'ana pansi, kenaka adapukuta m'maso ndi nsonga ya chovala chawo.

"Ndalakwa kodi?" adafunsa Gwaza.

"Simudalakwe. Lidali dzina la mwana wanga wachitatu. Adangokhala miyezi iwiri. Papita zaka zambiri ndisanalimve." Adapumira m'mwamba. "Koma ndi dzina labwino. Ndilisunga, ndipo ndidzalitchula mokweza. Dzina silipha munthu, mwananga."

Gwaza adamva ndi makutu okha. Mumtima mwake mudali kamanda kakang'ono. Adapepesa, adati akaganizenso, ndipo mwamanyazi adatolanso nkhuku yake. Azamba adamuyang'ana akupita napukusa mutu.

Pofika tsiku lachinayi mudzi wonse udadziwa kuti mkamwini wa kwa a Nachisale akuyenda ndi nkhuku m'khwapa ngati wogulitsa. Aliyense tsopano adasanduka katswiri wa mayina. Amuna osema mipini ya makasu pabwalo adamuitana. Wina adati Kondwani. Mnzake adati Kondwani ndi la mwamuna. Woyamba uja adati kwa amayi ake kuli mayi wa ana asanu dzina lake Kondwani. Wachiwiri adati ndiye kwa amayi akewo sadziwa kutcha mayina. Adatsala pang'ono kumenyana. Wina adati Landirani, akazi odutsa ndi mitsuko adati ayi, Landirani ndi dzina lofuna ndevu. Wina adati Tiyanjane, amuna adati mnyamata wotchedwa Tiyanjane sangaphe ngakhale mbewa. Dzina lililonse lotuluka, wina adali kudziwa mwini wake, ndipo mwini wakeyo adali mfiti, kapena chidakwa, kapena wa mwendo umodzi waufupi.

Gwaza adafika kunyumba mutu ukulira ngati mng'oma wa njuchi. Tsiku lachisanu sadatuluke n'komwe. Adakhala pakhonde akutchula mayina n'kumawataya. Ili lafupika. Ili latalika. Ili apongozi akhoza kulipotoza. Kuseri kwa nkhokwe munsi udali kugundabe, ndipo nyimbo idali yomwe ija.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi masana, Nankhoma adali kusenda nandolo pakhonde, miyendo itatupa, akupuma movutikira. Masiku onsewa sadanenepo kanthu. Koma tsikuli adaika lichero pansi.

"Amuna anga, mawa mukunyamuka."

"Ndikudziwa."

"Dzina mwasiya?"

"Ndatsala pang'ono kulipeza."

"Tchulani lililonse. Mwayi ndi labwino. Mtendere ndi labwino. Ngakhale la galu lija ndilandira. Galuyo adzafa, mwana adzatsala."

Gwaza adapsa mtima, ndipo kadali koyamba kumukwezera mawu mkazi wake. "Iwe Nankhoma, sukumvetsa. Munda ndikulimawu ndi wa kwanu. Nyumba ndidamangayi ili pa dothi la kwanu. Mwana akabadwa ndi wa mbumba ya kwanu, amalume ako ndiwo adzamulamulire. Changa ine m'mudzi muno n'chiyani? Dzina lokhali. Anthu akwathu adatha, palibe ngakhale mmodzi woti adzanene kuti mwanayu ndi wathu. Ndiye chinthu chimodzi chimene ndingamupatse, ndimupatse chovalidwa kale ndi wakuba? Chonyambitidwa ndi galu? Chochokera kumanda?"

Nankhoma adamuyang'ana mwachifundo, chifukwa mawuwo adali oona. Koma adati, "Dzina losavalidwa kale kulibe. Ndipo mayi anga inu simuwadziwa ngati mmene ndiwadziwira ine. Iwo sasankha. Limene lafika pakamwa ndi lomwelo."

"Ndilipeza lisanalowe dzuwa."

Dzuwa lidalowa, ndipo sadalipeze.

M'mawa wa tsiku lachisanu ndi chiwiri amuna adasonkhana pabwalo ndi mitolo yawo. Gwaza adagwira nkhuku, adaipanira m'khwapa, nathamanga cha kwa azamba. M'kamwa mwake mudali mayina atatu aja, onse akukankhana. Atafika pamphambano adaima. Akati anene Mwayi, akuona mbuzi. Akati Tadala, akuona galu. Akati Mtendere, akuona misozi ya azamba. Kubwalo lipenga la nyanga lidalira. Lidaliranso. Kadzuwa adakuwa kuti alamu afulumire, anthu sangadikire munthu mmodzi. Ichi chakoma, ichi chakoma, pusi adagwa chagada. Gwaza adabwerera chothamanga, adaponya nkhuku m'khola, nasenza mtolo wake.

Nankhoma adali ataima pakhomo, dzanja lili m'chiuno.

"Ndikatumiza dzina," adatero Gwaza akupuma wefuwefu. "Kumchere kumapita anthu ambiri, sipalephera wobwera kuno. Iwe usalole kuti atchule. Uwauze kuti dzina likubwera."

"Mchombo sudikira munthu, amuna anga."

"Ndikatumiza, ndalumbira."

Nankhoma adangomukonzera chingwe cha mtolo chimene chidapotoka paphewa.

Amuna aja adayenda masiku khumi ndi awiri. Anzake ankacheza, ankaimba, ankasaka nkhwali m'njira. Gwaza ankangoyenda milomo ikugwedera, ndipo kawiri konse adapunthwa mpaka kusupuka chikhadabo. Atafika kumchere, eni malowo adawachingamira. Mkulu wina wa kumeneko adawayang'ana, amuna otuwa ndi fumbi, ena aatali ena aafupi, osawadziwa ndi mmodzi yemwe, ndipo adangoti, "Amene mwabwera, takulandirani."

Gwaza adaima chilili. Dzina lidagwera mumtima mwake lokha: Talandira. Kaya mnyamata, kaya mtsikana, amene wabwera talandira. Kumeneko kudalibe Kadzuwa woti aliseke, kudalibe galu, kudalibe manda. Adavina yekha ndi mtolo kumutu, anzake n'kumati kutopa kwamusokoneza.

Tsono mwayi udamutsata munthu ameneyu, ndipo ndi chifukwa chake ndimapsa naye mtima. Patangopita masiku atatu, mwamuna wina wa mudzi woyandikana ndi wawo adadwala, ndipo abale ake awiri adati amubweze kwawo. Njira yawo idali yodutsa pakhomo penipeni pa azamba. Madzulo adafunsa ngati pali wofuna kutumiza mawu. Gwaza adadzuka, adayenda mpaka pamene anthuwo adakhala, adatsegula pakamwa. Ndiye kamtima kaja kadamunong'oneza. Kodi likhale Talandira kapena Takulandira? Nanga dzina lopeza paulendo silidzamupangitsa mwana kukhala woyendayenda? Adatseka pakamwa. Adati aligonere kaye, awauza m'mawa.

M'mawa adapita kukatola nkhuni zophikira mchere, akulitembenuzabe dzinalo. Atabwerako mtima utakhazikika tsopano, adapeza phulusa lokha pamene anthu aja adagona. Iwo adali atanyamuka kusanatenthe chifukwa cha wodwalayo. Gwaza adathamanga mpaka kumtsinje, koma adapeza mapazi okha pamchenga. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Kuchokera tsikulo sipadapezekenso munthu wopita kwawo, pakuti palibe amene amasiya mchere uli pamoto.

Miyezi idapita. Gwaza adaphika mchere wambiri kuposa aliyense, chifukwa ntchito ndiyo inkamuiwalitsa. Adadzitonthoza kuti mwina mwana adachedwa kubadwa. Mwina azamba adatchula Mtendere mwachifundo. Mwina apongozi mtima udafewa ataona nkhope ya mdzukulu. Mchere wina adasinthanitsa ndi mkanda woyera woti akamange m'chiuno mwa mwana potchula dzina.

Mvula yoyamba itagwa adanyamuka. Adalowa m'mudzi mwawo masana, akazi akululutira, ana akuthamangira mitolo. Gwaza sadaime pabwalo. Adatula mchere kwa amalume, nalunjika kunyumba.

Nankhoma adali pakhonde, atawonda, mwana ali pamiyendo. Mwana wonenepa, wa miyezi inayi, maso ngati a bambo wake. Musandifunse ngati adali mnyamata kapena mtsikana. Gwaza mwiniwakeyo sadafunse, ine ndingadziwe bwanji?

Adagwada. Adamanga mkanda uja m'chiuno mwa mwana, ndipo adatchula pang'onopang'ono dzina limene adalisenza miyezi yonseyi.

"Talandira. Talandira, mwana wanga."

Mwana adapitiriza kuyamwa chibakera chake. Nankhoma adayang'ana kumbali.

Pamenepo kuseri kwa nkhokwe kudamveka mawu a a Nachisale, okoma ngati akuitana nkhunda.

"Akusankha. Akusankha, uli kuti mdzukulu wanga?"

Mwana adachotsa chibakera kukamwa. Adatembenuza mutu kuyang'ana kunkhokwe, adapalasa timiyendo, naseka.

Gwaza adakhala pansi padothi. Kenaka adafunsa ndi mawu otsika, "Nankhoma, sindidati usalole?"

Nankhoma sadakweze mawu, ndipo zikadakhala bwino akadakuwa. "Mchombo udagwa tsiku lachisanu ndi chimodzi," adatero. "Ndidaubisa m'kachiguduli pansi pa mphasa. Amayi akafunsa ndinkati sunagwe. Ndidakhala m'chikuta masiku ena khumi, mumdima, mu utsi, mwana akutuluka zidzolo chifukwa cha kutentha. Tsiku lililonse ndinkafunsa azamba ngati kwabwera munthu wochokera kumchere. Azamba ankadziwa kuti ndikunama, koma adandisungira. Tsiku lina adandiuza kuti kwadutsa anthu atatu, wina wodwala, ndipo adamwa madzi pakhomo pawo. Ndidalira ndi chimwemwe. Ndidati dzina lafika. Azamba adati adawafunsa kawiri, ndipo anthuwo adati Gwaza amuona, ali bwino, koma sadatumize mawu."

Gwaza adabisa nkhope m'manja.

"Tsiku lakhumi amayi adalowa okha, adamuvundukula mwana, adaona pamimba papola kalekale. Adanditcha wabodza pamaso pa akazi onse. M'mawa mwake adamumeta, adatitulutsa pamphasa. Mudzi wonse udalipo. Azamba adandifunsa monga mwa mwambo, 'Bambo wa mwanayu adasiya dzina?' Ine ndidafuna kukutetezani. Sindidafune kunena kuti ayi. Ndidati, 'Akusankha.' Adafunsa kachiwiri, ndidati, 'Akusankha.' Kachitatu ndidayankha ndikulira. Amayi adaimirira n'kunena kuti, 'Mwamva nonse. Ine sindiwonjezerapo kanthu. Mwanayu ndi Akusankha.' Anthu ena adaseka. Ndiye dzinalo lidatuluka m'kamwa mwanga, amuna anga, ndikuyesa kubisa manyazi anu."

Tsiku lomwelo Gwaza adapita kwa amalume kukadandaula. Iwo adamuyamikira chifukwa cha mchere, koma za dzina adati lotchulidwa pamphasa tsitsi litametedwa silifufutika. Adapita kwa azamba. Iwo adati, "Mwananga, mudafika pakhomo panga ndi dzina labwino ndi nkhuku, ndipo mudabwerera nazo zonse ziwiri. Ine ndikadatchula chiyani?"

Koma Gwaza adauma khosi. Adati mudzi uitane mmene ufunira, iye dzina la apongozi sadzalitchula. M'nyumba ankati Talandira. Pomunyamula ankati Talandira. Pomuseweretsa ankati Talandira. Koma iye adali mmodzi, ndipo ankakhalira kumunda tsiku lonse. Agogo, azakhali, akazi a kuchitsime, ana osewera pabwalo, onse ankati Akusankha kuyambira m'mawa mpaka madzulo. Alendo akamva dzinalo ankafunsa kuti akusankha ndani, ndipo sipankasowa wofotokoza nkhani yonse, kuyambira pa mbuzi mpaka pa galu. Gwaza ankamva ali pomwepo, akusema mpini, makutu akutentha.

Mwana adakhala pansi, kenaka adayamba kukwawa. Tsiku lina chakumasana Nankhoma adapita kukatunga madzi, nasiya mphika wa nyemba ukuwira pamafuwa panja. Mwana adamusiya pamphasa pafupi ndi bambo wake, amene adali pamwamba pa nkhokwe akukonza denga. Gwaza atasuzumira pansi adaona mphasa ili yokha. Mwana adali akukwawa molunjika kumoto, akuseka, kadzanja kakufunafuna chikuni chimene chidachirikiza mphika.

Kutsika kudali kutali.

"Talandira!" adakuwa Gwaza.

Mwana adapitirira.

"Talandira, ima!"

Kadzanja kadatambasuka. Padatsala pang'ono pokha kuti kagwire chikuni.

"Akusankha!"

Mwana adaima. Adakhala pansi, adatembenuka, adayang'ana m'mwamba, ndipo ataona bambo wake adamwetulira n'kukweza manja kuti amunyamule. Gwaza adadumpha pankhokwepo, adamunyamula, adamukumbatira mwamphamvu mpaka mwana adadabwa n'kuyamba kulira. Naye Gwaza adalira, misozi ikugwera pamutu pa mwanayo. Pomutonthoza adamva pakamwa pake pakunena pokha, mobwerezabwereza, "Tonthola, Akusankha. Tonthola, mwana wanga. Bambo ako ndi ine."

Nthano yanga ndaitula pano, amene akuifuna aitole. Ndipo mukumbukire, ana inu: wodikira dzina lopanda banga amapeza mwana wake atatchulidwa kale ndi womuda.